Chingwe cha ziweto mu Minecraft chikungoduka panjira: kodi chingasinthidwe bwanji?

Mphunzitsi wa ku Chipoka analemba:

Moni nonse a pabwalo lino. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Chipoka, m'boma la Salima, ndipo Loweruka lililonse masana ndimakhala ndi ana awiri a mlongo wanga pamodzi ndi anzawo ochepa n'kumasewera Minecraft, gemu yomanga zinthu ndi mabuloko, pa foni yanga ya Android ndi pa tabuleti yakale imene tili nayo pakhomo. Dziko limene tikumangamo tinaliyamba chaka chatha, ndipo anawo analiyala ngati kwathu kuno: nyumba m'mbali mwa madzi, dimba la tirigu ndi karoti kuseri kwake, khola la ng'ombe ndi nkhosa, komanso doko laling'ono lokochezapo mabwato. Chimene chinkasowa ndi mbuzi, ndipo kwa mwana wokulira m'Salima mudzi wopanda mbuzi sunakwanire.

Mu gemu imeneyi mbuzi zimapezeka kumapiri a chipale okha, choncho tinakwera hatchi ndi kuyenda ulendo wautali mpaka tinazipeza. Ndinamanga ziwiri pachingwe, yaikulu ndi yaing'ono, n'kuyamba kubwerera. Ulendo wobwererawo unatitengera masana onse, chifukwa nthawi iliyonse imene hatchi yathamanga pang'ono, kapena mbuzi yatsakamira kuseri kwa mtengo, chingwe chinkaduka n'kugwa pansi, ndipo ndinkazindikira nditapita kale patali. Chitaduka kachitatu kunali kutada, ndipo titabwerera kukafufuza tinapeza chingwe chokha chili paudzu, mbuzi yaing'ono ija itasowa. Mphwanga wamng'ono, amene anali atasankha kale dzina loti aipatse, anaika tabuleti pamphasa n'kutuluka panja osayankhula kanthu, ndipo zinandikhudza kwambiri.

Ndikufuna zinthu ziwiri. Choyamba, chingwe chisamaduke msanga pamene ndikukoka chiweto ndili pahatchi. Chachiwiri n'chosiyana ndi choyambacho: ndikamangirira mbuzi pamtengo wa mpanda, ndikufuna chingwecho chikhale chachifupi, monga mmene timachitira kuno nthawi ya dzinja chimanga chikamera, pamene mbuzi imamangidwa pachichiri ndi chingwe cha khonje n'kumadya udzu wozungulira pomwepo osafika m'munda mwa mnzako. Panopa mbuzi imene inatsala ikamangidwa pafupi ndi dimba imafikabe pamizere, ndipo ikalumphirapo nthaka yolimidwa imabwerera kukhala dothi wamba, mbewu n'kuzuka.

Ndinayesapo ndekha. Ndinawerenga kuti khalidwe la chingwe lili m'chigawo chotchedwa minecraft:leashable, choncho ndinalemba fayilo ya goat.json yokhala ndi chigawo chimenecho chokha, ndinaikamo manambala akuluakulu, n'kuilowetsa m'dziko lathu. Zotsatira zake zinali zoopsa: mbuzi inangoima njo ngati chosema, yosayenda, yosadya, ndipo nditakumba dothi limene inaimapo inatsala m'malere osagwa. Ndinachotsa msanga fayiloyo. Ndikupempha amene akudziwa bwino andiunikire pamene ndinalakwitsa, ndiponso andiuze ngati zinthu ziwiri zimene ndikufunazi zingatheke pa nthawi imodzi.

Mnyamata wa ku Dwangwa anayankha:

Zikomo aphunzitsi chifukwa chofotokoza mwatsatanetsatane, pakuti pa zimene mwalembazo vuto likuonekeratu. Pa foni mukusewera mtundu wa Minecraft wotchedwa Bedrock Edition, ndipo mwayi wanu ndi wakuti mu Bedrock khalidwe la nyama iliyonse linalembedwa m'mafayilo a JSON amene munthu angathe kuwasintha kudzera mu behavior pack, phukusi la mafayilo lowonjezera pa gemu, popanda kukhudza pulogalamu yeniyeniyo. Koma fayilo yanu ikakhala ndi dzina la minecraft:goat, gemu siiphatikiza ndi fayilo yake yoyambirira ayi. Imataya yakeyo yonse n'kutenga yanu. Inu munaipatsa mbuzi yokhala ndi chingwe chokha, yopanda chigawo choyendera, yopanda nzeru zofunira chakudya, yopandanso minecraft:physics chimene chimachititsa kuti chinthu chigwe pansi, n'chifukwa chake inalenjekeka m'malere. Njira yake ndi kutenga fayilo yonse yoyambirira n'kusinthamo mizere yochepa yokha. A Mojang, kampani yopanga Minecraft, amaika mafayilo amenewa poyera pa intaneti, pa tsamba la GitHub, pamalo otchedwa bedrock-samples, mu foda ya behavior_pack kenako entities. Musatsitse nkhokwe yonseyo chifukwa idzakudyerani bandulo pachabe, tsegulani goat.json yekha n'kumusunga, ndipo onetsetsani kuti ndi wa mtundu wofanana ndi gemu imene ili pa foni yanu.

Tsopano za chingwecho. Anthu ambiri amaganiza kuti chingwe chili ndi utali umodzi, koma chili ndi mitunda itatu, ndipo funso lanu lonse lagona pa kusiyanitsa mitunda imeneyi. Pali soft_distance, pamene chiweto chimayamba kumva kuti chikufunika kubwera kufupi ndi mwini chingwe. Pali hard_distance, pamene chingwe chimakungika n'kuyamba kuchikoka mwamphamvu. Ndiye pali max_distance, pamene chimaduka. Kwa zaka zambiri manambala ake anali mabuloko 4, 6 ndi 10, ndipo kuyambira mu Juni 2025, pamene kunatuluka mtundu wa gemu wotchedwa Chase the Skies, imene pa Bedrock ndi 1.21.90, podukira panasunthidwa kufika pa mabuloko 12. Taganizirani za hatchi yanu. Munthu woyenda pansi mu gemu amayenda mabuloko oposa 4 pang'ono pa sekondi, pamene hatchi yaliwiro kwambiri imafika pa mabuloko 14 pa sekondi. Mbuzi ikangotsakamira pamtengo, kadanga ka pakati pa kukungika ndi kuduka, kamene ndi mabuloko ochepa okha, hatchi imakamaliza theka la sekondi lisanathe, ndipo chingwe chimaduka mbuzi isanapeze pozungulira. Chingwe chanu sichinali chachifupi kwenikweni. Chimene chinali chochepa ndi nthawi yoti chiweto chidzikonze.

Choncho musakweze manambala onse atatu pamodzi. Mukakweza hard_distance mbuzi idzangotsalira kutali kwambiri isanayambe kukokedwa, ndipo mudzakhala mukuiyang'ana ili kachidontho kumbuyo. Siyani awiri oyambawo mmene alili, kwezani max_distance yekha. Ine m'dziko langa ndinaika 30 pa ng'ombe ndi pa abulu, ndipo ndimatha kuwoloka nkhalango ndili pahatchi, chiweto chikatsakamira ndimaona chingwe chikutalika n'kukhala ndi mpata woima ndi kubwerera.

Funso lanu lachiwiri likanakhala lovuta kale, chifukwa chiweto chinkakhala ndi manambala amodzi basi, kaya chagwiridwa ndi munthu kaya chamangidwa pampanda. M'mafayilo atsopano manambalawo ali mumndandanda wotchedwa presets, ndipo gulu lililonse la manambala likhoza kukhala ndi filter yake yoyang'ana amene wagwira mbali ina ya chingwe. Gemu imawerenga kuyambira pamwamba n'kutenga gulu loyamba limene likugwirizana ndi mmene zinthu zilili. Mukatsegula fayilo lembani gulu limodzi lokhala ndi filter imene test yake ndi is_family, subject yake ndi other, value yake ndi player, ndipo m'menemo muikemo podukira pa 30. Pansi pake lembani gulu lina lopanda filter, limene lidzagwira ntchito pa mfundo ya pampanda, ndipo m'menemo muchepetse mtunda. Ngati mwapezamo kale gulu lokhudza happy ghast, chamoyo chouluka cha mu gemu, lisiyeni pamwamba pomwe lili.

Zotsalazo n'zachizolowezi. Pangani foda, muikemo manifest.json wokhala ndi format_version 2, chigawo cha header ndi chigawo cha modules chimene type yake ndi data, ndipo zigawo ziwirizi zikhale ndi ma UUID, manambala aatali ozindikiritsa pack, osiyana, chifukwa akafanana gemu imakana. Pambali pake pakhale foda ya entities yokhala ndi goat.json. Mangani zonsezo kukhala zip, sinthani mathero a dzina kukhala mcpack, ndipo mukaidina pa foni Minecraft idzatseguka yokha n'kuilandira. Musanalowe m'dziko pitani ku Settings, kenako Creator, mukayatse Content Log, kuti mukaiwala kachizindikiro kamodzi gemu ikuuzeni mzere umene walakwika m'malo mongokhala chete. Ndipo chonde, aphunzitsi, kopani kaye dziko la anawo n'kuyesera pa lokopedwalo.

Mayi wa ku Senga Bay anayankha:

Achimwene a ku Dwangwa afotokoza bwino za Bedrock, ndipo ine ndiwonjezerepo za Java Edition, mtundu wina wa Minecraft wa pa kompyuta, poti ndikudziwa kuti ena owerenga pano amasewera pa laputopu ndipo angataye tsiku lonse akufufuza fayilo imene kulibe. Mu Java, mitunda ya chingwe inalembedwa m'kati mwa khodi ya gemu, osati m'fayilo yoti munthu atsegule. Data pack, phukusi la mafayilo lowonjezera pa Java, ikhoza kusintha kapangidwe ka chingwe patebulo, ndipo ambiri ankaigwiritsa ntchito kuchotsa slimeball imene inkafunika pamodzi ndi ulusi 4 kuyambira pamene zingwe zinabwera mu 1.6, m'chaka cha 2013, pamodzi ndi mahatchi. Koma tsopano zimenezo sizikufunikanso, chifukwa kuyambira mu 1.21.6 ulusi 5 wokha umatulutsa zingwe ziwiri. Podukira chingwe data pack siifikapo. Pamafunika mod, kapulogalamu kosintha khodi ya gemu, monga ya Fabric yogwiritsa ntchito Mixin kulowerera m'khodi ya Leashable, kapena, kwa amene ali ndi seva ya Paper, pulagini yomvetsera EntityUnleashEvent n'kuletsa kumasukako pamene chifukwa chake ndi DISTANCE.

Njira yomalizayi ndinaigwiritsapo ntchito pa seva imene ndimasewerapo ndi azibale anga, ndipo ndi chifukwa chake ndikufuna kukuchenjezani, aphunzitsi, musanakopeke ndi maganizo oika nambala yaikulu kwambiri kuti chingwe chisadukenso mpaka kalekale. Tinaletsa kuduka konse, ndipo sabata yoyamba tinasangalala. Kenako tsiku lina ndinkakoka ng'ombe ziwiri kutsika nazo phiri, imodzi inakanirira kuseri kwa mwala ine osadziwa, ndinapitirira, ndipo itamasuka chingwe chinaikoka ndi mphamvu moti inauluka kudutsa m'mphepete mwa phompho n'kukagwera pansi. Mu gemu imeneyi chamoyo chimayamba kuvulala chikagwa kupitirira mabuloko 3, ndipo ng'ombe ili ndi moyo wokwana 10, kutanthauza kuti kugwa kwa mabuloko 13 kumaipha. Ndinapeza nyama ndi chikopa zili mbwee pansi pa phirilo. Chingwe chikanaduka, ng'ombe ija ikanatsala pamwamba ili moyo, ine n'kungobwerera kukaitenga. Mbuzi zimapirira kugwa kuposa nyama zina, choncho zanuzo zili ndi mwayi, koma ndikukhulupirira kuti mukadzaona kuti zatheka pa mbuzi mudzafuna kuchitanso pa ng'ombe ndi nkhosa. Kuduka kwa chingwe kumapweteka, koma nthawi zina ndi kumene kumapulumutsa chiweto, ndipo ine ndimaona kuti nambala ya 30 imene yatchulidwayo ili kale kumapeto kwa zoyenera.

Palinso njira zosafuna kusintha fayilo iliyonse, zimene ana angathe kuchita okha inu kulibe. Mbuzi imatsatira munthu wonyamula tirigu m'manja, ndipo mukakhala nazo ziwiri n'kuzidyetsa tiriguyo zimaswana, choncho ulendo wa kumapiri umafunika kamodzi kokha. Koposa apo, mudzi wanu uli m'mbali mwa madzi ndipo muli ndi doko. Bwato la mu gemu limakwana awiri, ndipo chiweto chikaligunda chimalowamo n'kukhala osatulukanso chokha. Ikani bwato pafupi ndi mbuzi, ilowe, inu mukhale kutsogolo n'kumapalasa kutsata mtsinje. Ana a ku Chipoka amene amaona mabwato akukocheza tsiku ndi tsiku sadzavutika kumvetsa zimenezi, ndipo pamadzi palibe mtengo woti chiweto chitsakamirepo. Pamene mtsinje wathera, bwato lomwelo likhoza kumangidwa chingwe n'kukokedwa pamtunda mbuzi ili momwemo.

Mphunzitsi wa ku Chipoka anayankha:

Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Achimwene, ndinatsatira zonse mmene munalembera, ndipo Content Log inandithandiza nthawi yomweyo, chifukwa ulendo woyamba ndinali nditasiya chizindikiro cha koma (,) pambuyo pa gulu lomaliza la manambala ndipo inandilozera mzere wake. Nditakonza, mbuzi inayenda, inalumpha, inalira monga kale. Dzulo tinabwerera kumapiri pa dziko lokopedwa lija ndipo tinatsika ndi mbuzi ziwiri mpaka kumtsinje chingwe osaduka ngakhale kamodzi, kuchokera pamenepo tinazikweza m'mabwato awiri monga munanenera, mayi, mphwanga wamng'ono uja akupalasa limodzi. Ndinaika podukira pa 24 m'malo mwa 30 nditawerenga za ng'ombe yanu.

Koma mbali yachiwiri sinayende bwino. Pa gulu la pampanda ndinaika 2, 3 ndi 4, poganiza kuti chingwe chachifupi chiyenera kukhala chachifupi paliponse. Ndinamangirira mbuzi zonse pamitengo iwiri yoyandikana kuseri kwa dimba, tinapita kukakumba miyala, ndipo pobwera tinapeza imodzi ikuyendayenda pakati pa karoti, chingwe chake chili pansi pafupi ndi mtengo. Ndinaimanganso, ndinakhala pambali n'kumayang'anitsitsa, ndipo patapita kanthawi ndinaona mbuzi imodzi ikuweramitsa mutu n'kuthamanga kudzandigunda ine, chingwe chake n'kuduka pomwepo. Kodi pamenepa ndibwezere manambala akale, kapena pali china chimene sindinachimvetse?

Mnyamata wa ku Dwangwa anayankha:

Musabwezere akale, aphunzitsi, mwatsala pang'ono kufika. Mbuzi za mu Minecraft, chibwerereni mu 1.17 m'chaka cha 2021, zili ndi khalidwe lothamangira kukagunda chamoyo chimene chaima malo amodzi, kupatula mbuzi zinzake, ndipo chogundidwacho chimakankhidwa mabuloko angapo nthawi imodzi. Zimalumphanso patali kuposa ziweto zina. Inu munasiya buloko limodzi lokha pakati pa kukungika ndi kuduka, choncho kuthamanga kapena kulumpha kulikonse kukuitulutsa kunja kwa malire chingwe chisanaibweze. Ndi vuto lomwe lija la pahatchi, kungoti tsopano laonekera pampanda. Chimene chimasunga mbuzi pafupi ndi chichiri ndi hard_distance, osati max_distance. Siyani 2 ndi 3 mmene mwaikiramo, koma podukira pabwerere pa 12 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo mudzaona kuti mbuzi ikathamanga kapena kulumpha, chingwe chidzatamuka n'kuibweza pamalo pake. Werenganinso mabuloko kuchokera pamtengo kufika pamzere woyamba wa dimba, akhale osachepera 5, ndipo mitengo iwiriyo muitalikitse kuti mbuzi zisamafikirane. Kwathu kuno ngakhale mbuzi zenizeni sitizimangirira pa zichiri zoyandikana, chifukwa zingwe zimapiringizana.

Pali zinthu zina ziwiri zimene mudzakumana nazo posachedwa. Pa foni, gemu imayendetsa zamoyo zokhazo zimene zili pafupi ndi wosewera, malinga ndi simulation distance ya dzikolo, imene nthawi zambiri imakhala pa machanki 4, ndipo chanki imodzi ndi mabuloko 16 m'litali ndi m'lifupi. Chiweto chikatsalira kunja kwa dera limenelo chimaima ngati nthawi yaima, sichiyenda ndipo sichikokedwa, choncho nambala ya podukira yoyandikira 60 ilibe phindu lililonse ngakhale munthu atafuna. Pa 24 muli pabwino. Za tabuleti ya anawo musadandaule: behavior pack imagwira ntchito pa chipangizo chimene chatsegula dziko, ndiye ngati dzikolo lili pa foni yanu ndipo iwo akulowa kudzera pa hotspot, zingwe zawo zidzatsatira manambala anu popanda kuikanso china chilichonse kumbali yawo.

Chinthu chachiwiri n'chimene anthu ambiri amaiwala. Popeza fayilo yanu yalowa m'malo mwa fayilo ya Mojang, mbuzi zanu zidzakhalabe ndi khalidwe la mtundu umene munakopera, ngakhale gemu itasinthidwa kangati. A Mojang akadzawonjezera kanthu katsopano pa mbuzi, zanu sizidzakalandira mpaka mutatenganso goat.json watsopano n'kubwezeramo magulu anu awiri aja. Ine ndimasunga mizere imeneyo pa fayilo ina yapadera m'foni, pamodzi ndi nambala ya mtundu umene ndinakoperako, kuti ntchitoyo izingonditengera mphindi zochepa. Mukafuna kuchita chimodzimodzi pa ng'ombe ndi nkhosa, tengani cow.json ndi sheep.json, muziike mu foda yomweyo ya entities, mukweze nambala ya version mu manifest.json kuti foni ilandire pack yatsopanoyo osanena kuti ilipo kale, ndipo pa ziweto zimenezo podukira pa munthu musapitirire 20, chifukwa sizipirira kugwa ngati mbuzi.